Anandiphunzitsa Gofu Akuyang'ana Msana wa Munthu Wina

Masabata atatu ndakhala ndikumwa mankhwala a matenda a munthu wina. Thukuta langa, manja anga, koma vuto la mnzanga Tendai. Ndipo ndinachita kulipira. Amalawi anzanga a m'gulu lino, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'mabwalo a gofu kuno ku Joni, khalani pansi muwerenge. Mawa akhoza kukhala inu.

Oyang'anira gulu lino andiletsa kutchula dzina la malowo. Chabwino. Ndi kasukulu ka gofu kena kake kumpoto kwa tauni, ka magalasi kuchokera pansi mpaka kudenga, ndi maluwa apulasitiki pakhomo. Wofuna dzina andipeze kumbali, ndimuuza ndi mtundu wa geti womwe.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Mbewe, ndimakhala ku Kya Sand, ntchito yanga ndi ukedi. Ndimanyamula zikwama za osewera gofu. Lolemba bwalo lathu limakhala lotseka kwa mabwana, ndiye amatilola ife antchito kusewera. Chaka chilichonse amasankha makedi anayi opita ku mpikisano wa ku Durban. Basi amalipira, kogona amalipira, ndipo aliyense amaloledwa kutenga munthu mmodzi. Koma mpikisanowo sulandira munthu amene wakwanitsa zaka makumi asanu. Ine ndikwanitsa mu Febuluwale. Mwamva? Chaka chino chinali chomaliza. Akazi anga, mayi a Thoko, anali atapempha kale tchuthi kwa adona amene amawagwirira ntchito. Anagula ndi chipewa cha dzuwa chomwe.

Chimene chakhala chikundikaniza ulendowu zaka zonsezi ndi damu. Pa dzenje lachisanu ndi chiwiri pabwalo pathu, mpira woyamba umayenera kuwoloka madzi. Palibe njira yozemba. Pafupi ndi dzenje ine sindiopa munthu, funsani aliyense. Koma mpira wanga wautali unkatera pagombe penipeni, tsiku lina n'kuwoloka, tsiku lina n'kugubuduzika kubwerera m'madzi. Ndinkangofuna mamita khumi owonjezera. Khumi okha.

Inu amene simudziwa gofu musathawe, nkhani yake ndi yophweka. Nonse munatchetchapo udzu pachibalo kusukulu. Chikwakwa chimadula bwino liti? Umachikweza dzanja litapindika apa povala wotchi. Potsitsa mkono, chikwakwa chimatsalira m'mbuyo. Ndiye pafupi ndi udzu penipeni umamasula dzanja, thyapu! Udzu gwa. Ukamasula msanga chikwakwa chidakali m'mwamba, mphamvu yonse imathera mumphepo, pofika pa udzu chimangousisita. Ukachedwetsa kwambiri chimafika chopendekeka, n'kuterereka. Ndodo ya gofu ndi chimodzimodzi. Womasula msanga, mpira wake umakwera kukapereka moni kwa ndege n'kugwera pafupi. Womasula mochedwa, mpira wake umathawira kumanja, kumitengo. Mtunda wonse uli pa kamphindi kameneko. Si minofu ayi. Ndaonapo nkhalamba zowonda ngati bango zikuposa anyamata a zifuwa.

Vuto ndi lakuti wekha sungadzione. Ndiye nditamva kuti kasukulu kaja katsitsa mtengo kwa makedi, kuti amakujambula ndi kamera n'kukuuza pamene ukumasulira manja, ndinati Mulungu wayankha. Marandi 450. Lamulo lawo linali limodzi: kuti uchotseredwe mtengo, ubwere utavala ovololo ya kuntchito, asamanamizidwe ndi anthu wamba. Gwirani mfundo imeneyi. Lamulo linali lawo, osati langa.

Anandiuza kuti ndifike teni koloko, Lachiwiri. Ndinafika nthawi isanakwane. Ndinapeza benchi yodzaza makedi a m'mabwalo osiyanasiyana, tonse maovololo oyera, tonse zipewa zobiriwira, ngati kwaya yodikira maliro. Kumapeto kwa benchi ndinaona Tendai, mnzanga wa pabwalo pathu. Tendai ndi wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anali a ku Dedza, ndiye Chichewa amachiyankhula, ngakhale chimatuluka chokhota, moti ine amanditcha mudhara m'malo mwa madala. Nayenso ankalimbirana malo omwewo a ku Durban.

Atandiona anabisa nkhope ndi chipewa.

"Iwe, ukufuna chiyani kuno?" ndinamufunsa.

"Ndangoperekeza munthu, a Mbewe."

"Munthu wake ali kuti?"

"Wapita kuchimbudzi. Nanga inu mudhara, mwabwera kudzagula maluwa apulasitikiwa?"

Tinaseka, koma aliyense anadziwa kuti tapezana kwa sing'anga mmodzi.

Anatiitana itadutsa leveni. Mtsikana wa pakauntala analemba mayina athu papepala osatiyang'ana. Mphunzitsi wake, bambo wa magalasi akuda pamutu m'nyumba mopanda dzuwa, ankatilowetsa mmodzimmodzi m'kachipinda. Kutsogolo ukonde. Kumbuyo kamera pamtengo wake. Dzanja limodzi foni, linalo sangweji. Sanandifunse dzina. Sanandifunse kuti mpira wanga umauluka bwanji. Anangoloza pansi ndi sangwejiyo kuti ndiime apo, ndimenye mipira itatu.

Ndinamenya itatu. Ndisanatembenuke n'komwe ndinamva, "Shapu madala, wotsatira!"

Ndinati pepani bwana, simundiuza kanthu? Anati kompyuta iyenera kuwerenga kaye, anditumizira pafoni. Wotsatira anali Tendai. Tinadutsana pakhomo.

Nthawi imene ndinakhala m'kachipindamo sinakwane yophikira dzira. Koma ndinadziuza kuti ndi mmene zimakhalira za makono. Ndife ndani ife?

Vidiyo inafika Lachinayi. Munthu wa ovololo yoyera ndi chipewa chobiriwira, wojambulidwa chakumbuyo, miyendo yodulidwa m'maondo. Thupi lonse analijambula mizere yofiira ndi yachikasu ngati mapu a njanji. Pamwamba pake mawu a mphunzitsi uja, akutafuna. Akuti taonani apa madala, mukugwira manja nthawi yaitali, mukuchedwa kumasula. Akuti muziyamba kumasula ndodo ikangochoka pamwamba, ngati mukuiponya.

Mtima wanga unakana. Zaka zonsezi mpira wanga umakwera m'mwamba, sunathawirepo kumanja. Ndinaimba foni. Kachitatu ndi pamene anayankha. Ndinati bwana, ine ndimamva ngati ndimafulumira kale. Mukudziwa chimene anandiyankha? Anati zimene munthu amamva m'thupi ndi zimene zimachitika ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anati, "Kamera sinama, madala." N'kudula.

Kamera sinama. Ndinawameza mawu amenewo. Kodi ndani wa inu anauonapo msana wake? Ndani angaloze pagulu kuti msana uwo ndi wanga?

Ndiye ndinayamba. Kuseri kwa nyumba ndinapachika kapeti yakale pawaya woyanikira zovala. Ndikaweruka, ndodo m'manja, kuponya kuchokera pamwamba. M'mawa ndisanakwere takisi, kuponya kuchokera pamwamba. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafika pondifunsa ngati kapetiyo inandilakwira. Manja anatuluka matuza pamwamba pa zikang'a zakale. Lolemba loyamba pabwalo, mpira unakwera kuposa kale n'kugwa pafupi kuposa kale. Ndinaimbanso. Anati ndi mmene zimakhalira, zimayamba zaipa zisanakome, ndipitirize, ndisabwerere m'mbuyo. Sanafunse n'komwe kuti akuyankhula ndi ndani. Ndikukhulupirira kuti tonse a pabenchi paja ankatiyankha mawu omwewo.

Mufunsa kuti bwanji sindinamuonetse Tendai? Amene akufunsa zimenezo sanalimbiranepo malo ndi mnzake. Mankhwala a mpikisano saonetsana. Iye ankabisa foni yake, ine yanga. Tikakumana kosinthira zovala tinkangofunsana za mvula.

Tsiku losankha linafika. Anandiika m'gulu limodzi ndi Tendai. Maenje asanu ndi limodzi oyamba ndi aafupi, ndinayenda bwino, ndinali m'gulu la otsogola. Tinafika pa damu. Kunalibe mphepo. Dzuwa lili phwee. Tsiku loti ngakhale mpira wanga wakale ukanawoloka ukuimba nyimbo.

Ndinachita monga anandiphunzitsira. Ndinaponya kuchokera pamwamba. Mpira unakwera, n'kukwera, n'kuima m'mwamba ngati ukuganiza, kenako chubwi! Pakati pa damu. Osati pagombe ngati kale. Pakati. Abakha anachita kubalalika.

Ndinaika wachiwiri. Chubwi.

Wachitatu ndinati ndibwerere ku kamenyedwe kanga kakale. Kanali katapita. Manja sankadziwanso kuti ndi a ndani. Chubwi.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Makedi akakhala chete ndiye kuti akukumvera chisoni, ndipo chisoni cha makedi chimawawa kuposa chipongwe chawo.

Tendai anabwera pambuyo panga. Iye mphamvu ali nazo, damu silinamuvutepo. Anamenya. Mpira unanyamuka chokwawa, n'kukhotera kumanja, kudutsa mitengo, kudumpha mpanda, mpaka tinamva hutala ya galimoto kumsewu. Wachiwiri unatsata mkulu wake. Anayang'ana ndodo yake ngati yamutukwana.

"Mudhara," anatero, "atilodza."

"Akulodze ndani iwe, uli ndi chiyani?"

Tonse awiri tinagwa. Pagofu amawerenga mikwapulo, kumenya kulikonse, ndipo wochepetsa ndiye wapambana. Ine ndinatsalira ndi mikwapulo inayi kumbuyo kwa munthu wachinayi. Damu lokha linandidyera isanu ndi umodzi, iwiri pa mpira uliwonse. Werengani nokha.

Mayi a Thoko amagona kuntchito, amabwera Loweruka. Ndinawauza pafoni kuti zakanika. Anangoti, "Oho." Amene muli pabanja mukudziwa kulemera kwa oho ameneyo. Loweruka masana ndinali pampando panja, ndikuonerabe vidiyo ija, kufunafuna pamene ndinalakwitsa. Iwo anatuluka ndi makina ometera, chifukwa amene amandimeta ndi iwowo. Anaima kumbuyo kwanga, nsalu ili paphewa, n'kusuzumira pafoni.

"Awa ndani?"

"Ndine."

"Inu?"

"Ndine, mayi a Thoko. Ndi vidiyo ya kusukulu kuja."

"Bwezerani."

Ndinabwezera. Anayang'ana foni, anayang'ana khosi langa, anayang'ananso foni.

"Bambo a Thoko, khosi ili ndi la munthu wosadya. Lanu lili ndi mapindi awiri apa." Anandigwira kumbuyo kwa khosi. "Ndimavutika nawo Loweruka lililonse pometa. Nanga makutu otambasukawa mwawagula liti? Awa si inu."

Ndinati mizere ikukusokonezani. Anati mizere siichotsa mapindi. Anati zaka makumi awiri akhala akuona msana wanga ndikutuluka pakhomo, ndikawafunse a kamerawo ngati anauonapo kawiri.

Ndinakuza chithunzi ndi zala. Makutu aja ndinawadziwa. Ndakhala ndikuyenda kumbuyo kwawo pabwalo zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinamuimbira Tendai mutu wanga uli wometedwa mbali imodzi. Ndinati tumiza vidiyo yako. Anayamba zoti mudhara zimenezo ndi zachinsinsi. Ndinati chinsinsi cha chiyani, tonse tagwa, tumiza! Inafika. Mayi a Thoko anangoyang'ana kamodzi n'kuti, "Eya, amuna anga ndi awa." Mapindi awiri ali poonekera. Ndipo mawu a mphunzitsi uja akuti taonani madala, mukumasula msanga kwambiri, muzigwira manja mpaka kumapeto.

Mwaona? Kamera inaona zoona. Vuto langa analipeza. Mankhwala anga analipo, olondola, amene akanandipatsa mamita khumi aja. Anawatumiza kwa munthu amene amachedwa kale, n'kumuuza kuti azichedwa kwambiri. Ine wofulumira kale anandiuza kuti ndizifulumira kwambiri. Wotsegula m'mimba kumupatsa mankhwala otsegula m'mimba. Kenako ukadandaula akuti pitiriza, zimayamba zaipa.

Lachiwiri tinapita tonse awiri. Dala sitinavale maovololo. Ine ndinavala jekete la kutchalitchi. Mtsikana wa pakauntala anatimwetulira, koyamba, n'kufunsa ngati tabwera kudzalembetsa. Ndinati tiitanireni mphunzitsi wa magalasi pamutu. Anati ali ndi kasitomala. Ndinati nanga ife ndife mbuzi? Tinadikira mpaka anatuluka. Anatidutsa. Sanatizindikire.

Ndinamuimitsa, n'kuika mafoni awiri patebulo. Ndinati bwana, onani anthu awiriwa, ndipo mutiuze kuti uyu ndani, uyu ndani. Anayang'ana mafoni, anatiyang'ana ife. Kenako anaseka. Anaseka, abale anga! Anati eish, zikuoneka kuti manambala anasemphana pamene mmodzi wa inu anapita kuchimbudzi. Palibe anapita kuchimbudzi. Anati komabe malangizo onsewo ndi abwino, tingosinthana mavidiyo basi, nkhani yatha.

Tingosinthana. Ngati tasemphanitsa maambulera.

Ndinakweza mawu, sindikana. Ndinamufunsa kuti pamene ndinamuimbira kawiri kumuuza kuti thupi langa likukana, anatsegula vidiyo n'kuyang'ana? Anati amalandira mafoni ambiri. Ndinamufunsa kuti dzina langa ndani. Ndinati dzina langa ndani, bwana, munadya ndalama zanga? Anayang'ana kwa mtsikana uja kuti amuthandize. Mtsikanayo anayamba kusanthula mapepala.

Phokoso linatulutsa manijala, mayi wa makiyi ambiri m'khosi. Anatitengera pakona kuti makasitomala enieni asamve. Anamvetsera akuyang'ana wotchi. Ndiye ananena mawu amene andichititsa kulemba zonsezi. Anati tiwamvetse, tsiku lija kunali anthu ambiri, ndipo ndi maovololo aja, chakumbuyo tonse timafanana.

Tendai anandigwira mkono. Anachita bwino.

Ndinati mayi, anatiuza kuti tivale maovololo ndani? Anati ndi lamulo la kampani. Ndinati anaika kamera kumbuyo ndani? Anati ndi mmene amajambulira aliyense. Ndinati nanga mabwana amene timawanyamulira zikwama, amene amabwera kuno onse atavala malaya ofanana a kolala ndi makabudula a khaki, munayamba mwawasemphanitsapo? Anati amenewo amakhala nawo pansi n'kuonera limodzi vidiyo, chifukwa amalipira mtengo wonse. Anatero osaphethira. Ndiye kuti chimene anatichotsera pamtengo paja ndi nkhope zathu.

Ndinawauza za Durban. Ndinawauza za zaka makumi asanu. Ndinawauza kuti kuli mayi amene anapempha tchuthi kwa adona ake, ndipo tsopano akabweza tchuthicho ndi manyazi. Anati pepani kwambiri, koma pa risiti palembedwa kuti sakulonjeza zotsatira. Kenako analowa mkati n'kutuluka ndi mphatso zotipepesera. Chidebe chimodzi cha mipira yoyeserera, chaulere, choti tigawane. Ndi zipewa ziwiri zolembedwa dzina la sukulu yawo.

Zipewa ziwiri zofanana. Kuti tizifanana bwino.

Changa ndinachisiya pa maluwa apulasitiki aja. Tendai anatenga chake, akuti apukutira nsapato.

Anzathu anayi ananyamuka Lachisanu pa Park Station. Ndinapita kukawaperekeza, chifukwa ndi anzanga ndipo sanandilakwire. Ndinawathandiza kukweza zikwama m'basi. Ntchito yanga ndi imeneyo kale, kunyamula zikwama za anthu amene akupita kukasewera. Chipewa cha dzuwa chija chili pamwamba pa wadiropu, chidakali m'pepala lake. Mayi a Thoko sanachitchule. Ine ndimachiona ndikangodzuka.

Tsopano ndikufuna mayankho, ndipo ndikudziwa kuti ena a inu mumagwira ntchito yokolopa ndi yaulonda pamalopo, muwafikitsire. Pa benchi paja tinalipo ambiri. Ndi angati ena amene akuyenda ndi mankhwala a anzawo mpaka lero osadziwa? Mwawaimbira? Kapena mukudikira kuti akazi awo akuchitireni ntchito? Munthu amene sangafunse dzina la wophunzira wake, mumamutcha mphunzitsi chifukwa chiyani? Kulemba dzina pakapepala n'kumuuza munthu kuti akagwire kutsogolo kwa kamera kumadya magetsi angati?

Kwa inu makedi anzanga, ngati munalipo Lachiwiri lija, tulutsani vidiyo yanu lero. Musaione nokha, simudzidziwa. Apatseni amene amakumetani. Ndipo ngati mudzapite kwina kulikonse kokajambulidwa, musanamenye mpira tembenukani, vulani chipewa, yang'anani kamera m'maso, nenani dzina lanu ndi la kumudzi kwanu lomwe. Akaseka asekeni. Thupi lanu likakana zimene akukuuzani, musalole kuti munthu wotafuna sangweji alitsutse pafoni.

Dzulo Lolemba ndinaimanso pa damu paja ndekha, ndi vidiyo yanga yeniyeni m'thumba. Ndikudziwa tsopano chimene ndiyenera kuchita. Mutu ukudziwa. Koma ndodo ikangofika pamwamba, manja amaponya okha, monga ndinawaphunzitsira masabata atatu kuseri kwa nyumba. Anamvera bwino kwambiri manja amenewa.

Ndalama zanu sindikuzifuna, mayi wa makiyi. Gulirani maluwa ena. Mundiuze kumene ndikadandaule kuti andibwezere chaka.